Kwa mwana wanga, usanakwere ndege ya ku Bangkok

Mwana wanga,

Ndamva kwa azakhali ako kuti tikiti wagula kale ndipo unyamuka Lachiwiri. Ine mayi ako nkhani yotere ndikaimvere kwa munthu wina? Chabwino, zimenezo tidzakambirana ukadzabwera. Ndakhala pansi kulemba chifukwa pafoni umandidula mawu, umangoti "ndamva amayi, ndamva," pamene sunamve kanthu.

Chikundisowetsa tulo ndi ndalama zija. Si zako wekha. Muli za ku banki m'khonde zoti ubweze ndi chiwongoladzanja, muli za ng'ombe imene bambo ako anagulitsa mtima usakufuna, mulinso zomwe mlamu wako anakubwereka osalemberana paliponse. Ndipo ukudziwa mmene unavutikira kuti makwacha amenewo asanduke madola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola yakhala yosowa, munthu umachita kupempha ngati ukufuna zaulere. Ndiye dola iliyonse imene ili m'chikwama chakocho ibwerere kuno itasanduka katundu wogulitsika.

Mnzako ukupita nayeyo sindidana naye. Koma ndinamuona paukwati wa mchemwali wako mmene ankamwazira ndalama pa perekaniperekani, maso ali kwa wojambula. Iyeyo akupita kukasangalala ndi kukajambulitsa zithunzi za pa Facebook, ndipo akatha ndalama ali ndi womutumizira zina. Iwe ulibe. Iwe ukupita kukaoda. Musasungire ndalama pamodzi, ndipo akakuuza kuti "ndilipirire ndikubwezera kuhotela," umukanire mwaulemu.

Mukatera pa bwalo la ndege la Suvarnabhumi, anthu ovala bwino adzakulonjerani n'kumakuuzani kuti galimoto ilipo. Angodutseni. Tsikani pansi penipeni pa bwalolo, pali sitima ya Airport Rail Link, ndipo mukatsike pa Ratchaprarop. Mtengo wake supitirira ma baht 45 (baht ndi ndalama ya ku Thailand), ndipo kuchoka pamenepo msika wa zovala wa Pratunam ndi poyenda wapansi. Ngati zikwama zalemera, kaimeni pamzere wa matakisi ovomerezeka. Mita imayambira pa ma baht 35, pabwalo amawonjezerapo 50, ndipo ndalama za pamageti a msewu wapamwamba mumalipira ndinu. Dalaivala akakana kuyatsa mita, tsikani, ina ikubwera. Fomu yolowera m'dzikomo masiku ano amalemba pa intaneti, inayamba mu Meyi 2025, ndipo ndi yaulere. Wina akakulipiritsa, akukubera usanafike n'komwe.

Pabwalo la ndege usinthe zochepa chabe, zokwerera sitima ndi kugula madzi. Zambiri ukasinthire m'tauni, kumalo ngati Superrich kufupi ndi Pratunam komweko, pasipoti ili m'manja. Mapepala a madola 100 atsopano, osang'ambika ndi osalembedwalembedwa, ndi amene amalandiridwa pamtengo wabwino. Uwerenge ndalama pomwepo usanachoke pawindo, usachite manyazi ndi amene ali kumbuyo kwako. Kathumba kaja ndinakusokera uvale m'kati mwa zovala. Masiku anga ndinkasokerera koteroko m'mphepete mwa siketi, bambo ako ankandiseka kuti ndikuyenda ngati ndameza mtengo, koma palibe tambala imene inasowa.

Tsiku loyamba usagule kanthu. Ndabwereza, usagule kanthu. Ndimakudziwa iwe, uli wamng'ono ndinkakutuma mchere n'kubwera ndi maswiti. Tenga kope ndi cholembera, uyende, ufunse mitengo, ulembe. Msika wa Limbe umene timauyesa waukuluwu ungakhale khonde chabe la Pratunam, ndipo tinjira take timafanana. Ukasochera yang'ana kumwamba, nsanja yaitali ya Baiyoke ikuonetsa kumene uli. Tsidya la msewu wa Phetchaburi kuli Platinum, nyumba yozizira bwino yodzaza ndi timasitolo ta zovala, koma kuzizirako umakulipira pamtengo wa malaya. Kunja, m'misika ya m'mamawa, zinthu zimatsika, ndipo ku msika wa Bobae zimatsikirako. Kumeneko ungapite ndi boti za mumfuleni wa Saen Saep, zimene zimaima pa Pratunam pomwepo. Madzi ake ndi akuda, amanunkha, utseke pakamwa akamathovoka, koma ufika msanga pamene a m'galimoto akadali pamzere.

Wogulitsa ali ndi mitengo iwiri, wa chimodzi ndi wa kuoda. Kawirikawiri wa kuoda umayamba ukatenga zitatu kupita m'tsogolo. Chingerezi sichiyenda kwambiri, amakulembera pa kakyuleta, iwenso umalembapo yako. Nenerera modekha, ukumwetulira. Anthu a kumeneko sakonda kukalipiridwa, ukakweza mawu amangokusiya uli chiimire. Ndipo samala ndi masaizi! Zovala zambiri amasokera matupi awo ang'onoang'ono, pamene makasitomala ako ndi amayi a kuno, a matupi awoawo. Zolembedwa kuti saizi imodzi ikwana aliyense usazikhulupirire. Tenga tepi yanga yoyezera, ili m'kabati ya makina, chifukwa malo ambiri salola kuyesa ndipo sabweza ndalama. Mayi wina amene tinkayenda naye anabwera ndi mabelo a madiresi okongola zedi, koma palibe analowamo, anachita kugulitsa motaya kwa ana asukulu. Ngongole yake inamutsata mpaka anagulitsa poloti.

Mtengo umene wauona pa diresi si umene lidzafikire m'shopu mwako. Wonjezerapo za kutumiza, zimene amawerengera pa kilo, ndi msonkho wa MRA ukafika kuno. Uwerengere zimenezi usanatulutse ndalama, ndipo za msonkhozo uzipatule padera, usazikhudze ngakhale utaona chokongola bwanji. Otumiza katundu alipo ambiri kuzungulira Pratunam. Funsa amayi anzako a ku Africa kuno amene udzawapeze kumeneko kuti iwo amatumiza kudzera mwa ndani, safunsa anadya phula. Ulandire risiti, ujambule mabelo ako asanatsekedwe. Ndolo, mikanda ndi tizikwama uzipeza ku Sampeng, m'dera la Atchaina, nsalu zili ku Pahurat chapafupi pomwepo. Msika wa Chatuchak ndi wa Loweruka ndi Lamlungu, sitima yam'mwamba ya BTS imakutula pa Mo Chit. Kumeneko pita kukaona, osati kukaoda. Mnzakoyo adzafuna mukalowe m'masitolo odula a ku Siam Paragon ndi ku IconSiam. Lowani, maso salipira, koma manja akhale m'thumba.

Usadzimane chakudya poti ndakuopseza za ndalama. Uli ndi vuto lija la m'mimba, ukakhala ndi njala umachita chizungulire. Chakudya chotchipa ndiponso chabwino chili m'mphepete mwa msewu, pamene paima eni dziko ambiri ndipo akuphika iwe ukuona. Ku Pratunam kumatchuka mpunga wophikidwa ndi msuzi wa nkhuku, khao man gai, ndipo ndi umene unkandisunga ine, wopanda tsabola pokhapokha uthire wekha. Som tam, papaya wosapsa wosinjidwa mumtondo, amawawa kwambiri, uyambe wauza wophika kuti "mai phet" kuti achepetse tsabola. Nkhumba ili m'zakudya zambiri, poti iwe sudya, funsa kapena loza nkhuku. Madzi a pampopi usamwe, a m'botolo ali mu 7-Eleven iliyonse, ndipo masitolo amenewa ali paliponse. Nsima ukadzaifuna kwambiri, ku Sukhumvit Soi 3, dera la Nana, kuli malo odyera a anthu a ku Africa ndi Aluya. Pita masana, udye, ubwerere. Usiku dera limenelo ndi la mabala, ndipo ndikudziwa amene adzakukokere kumeneko. Botolo limodzi limabala lachiwiri, m'mawa uwerenge ndalama n'kupeza belo lathunthu lapita.

Sindikunena kuti ungoona misika basi. Wavutika mokwanira chaka chino, mwana wanga, patula tsiku limodzi katundu atatumizidwa kale. Kwera BTS mpaka Saphan Taksin, utsikire kudoko, ukwere boti ya mbendera ya olenji pamtsinje wa Chao Phraya. Ndi imene amakwera eni dziko, yotchipa, osati zija amakuitanira kuti ukwere wekha. Ukaone Wat Pho, kumene kuli chifanizo cha Buddha atagona, chotalika mamita 46, chokutidwa ndi golide mpaka maso kuthobwa. Tsidya lina la mtsinje kuli Wat Arun. Nyumba yachifumu, Grand Palace, inayamba kumangidwa mu 1782 pamene mfumu Rama I inakhazikitsa likulu kumeneko, ndipo alendo amalipira ma baht 500 polowa. Ndi zambiri, koma zimenezo ndikukuloleza. Uvale zofika m'munsi mwa maondo ndi zophimba mapewa, tenga chitenje m'chikwama, ndipo nsapato umavula polowa m'kachisi. Ndi malo opemphereramo anzathu, ulemu umene umapereka kutchalitchi kwathu ukaperekenso kumeneko.

Pafupi ndi mpanda wa nyumba yachifumuyo padzabwera bambo waulemu, wodziwa Chingerezi, n'kukuuza kuti lero kwatsekedwa chifukwa cha mwambo, koma ali ndi tuk-tuk yoti ikuzungulitse mzinda pamtengo wochepa. Ndi bodza lakalekale. Ulendo umenewo umathera m'sitolo ya miyala yonyezimira kapena kwa atelala, kumene amakuumiriza kugula. Mayi wina wa gulu lathu anauzidwa kuti miyalayo akadzagulitsa ku Joni adzapeza phindu lowirikiza. Analira m'ndege ulendo wonse, ine nditamugwira dzanja. Yenda mpaka pageti udzionere wekha. Zikavuta, nambala ya apolisi othandiza alendo ndi 1155, uilembe pachikuto cha kope lija.

Za mfumu yawo usayankhulepo kanthu, ngakhale mwanthabwala, ngakhale pafoni. Lamulo lawo limamanga munthu zaka zitatu mpaka 15 pa mlandu umenewo. Ndalama ikagwa usaiponde ndi phazi, pali nkhope ya mfumu. Fodya wamagetsi amene mnzakoyo amasuta ndi woletsedwa kumeneko, umuuze asiye kuno. Masiku a viza yako asapitirire, tsiku lililonse lowonjezera ndi ma baht 500.

Ndipo ichi umve ndi makutu onse awiri. Ndalama zikachepa, padzapezeka munthu wachifundo, mwina wolankhula ngati ife, wokuuza kuti umunyamulire kaphukusi akulipira tikiti, kapena kuti ali ndi ntchito ya pakompyuta ya malipiro abwino kufupi ndi malire. Mankhwala ozunguza bongo ku Thailand amapereka munthu kundende moyo wonse, ndipo chilango cha imfa chikadali m'malamulo awo. Za ntchitozo, mu Febuluwale 2025 anthu mazanamazana, ena a ku Ethiopia ndi ku Kenya, anatulutsidwa ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, kumene ankawatsekera n'kumawakakamiza kubera anthu pa intaneti. Ambiri anapita ataitanidwa kuntchito yabwino. Ndalama zikakuthera kapena zikabedwa, undiimbire ine. Ndidzakalipa, inde, koma ndidzagulitsa makina anga osokera kuti ubwere. Ngongole tidzabweza pang'onopang'ono. Chikwama chako ulongedze wekha, utseke wekha, ndipo pasalowe cha munthu wina, ngakhale cha mnzakoyo.

Ana usawadere nkhawa. Wamng'onoyu chifuwa chija chatha, akudya bwino, ndipo akufunsa ngati ndege ili ndi chimbudzi. Usawagulire zidole zodula, nsapato zasukulu zikwana, saizi ndakulembera kuseri kwa pepalali. Ine usandigulire kanthu. Bambo ako sakunena zambiri, koma dzulo anafunsa kawiri ngati wajambulitsa pasipoti n'kusunga pepalalo padera. Chita zimenezo, ndipo kabuku kachikasu ka katemera katengenso poti mudzera ku Addis Ababa.

Kumeneko ali patsogolo ndi maola asanu, choncho iwe ukamagona, kuno kudzakhala kukadali madzulo. Usiku uliwonse unditumizire uthenga wa zimene wagula ndi ndalama zimene zatsala, ndizilemba m'kope langa kuno. Lolemba ubwere udzagone kuno kuti tipemphere limodzi, ndiponso ndione ngati kathumba kaja kakukwana m'chiuno.

Ndine mayi ako.