Maphunziro a utsogoleri tiziwayeza ndi zomwe zasintha pa ntchito

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa mtendere, ya ndalama zomwe makampani amalowetsa pophunzitsa mamanenjala ndi masupavayiza za utsogoleri koma ukafunsa kuti phindu lake lili pati palibe amakuyankha zogwira mtima. Ine ndagwira ntchito ku ofesi yoona za antchito kwa zaka zambiri ndithu ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti maphunzirowa ndi ofunika, nde zimandipweteka kuona kuti bajeti ikangothina oyamba kudulidwa amakhala iwowa, ife nkungokhala chete mu mitingi chifukwa tilibe umboni woti tiwateteze nawo.

Vuto lathu timayeza zosavuta kuyeza. Wekishopu ikatha timagawa kafomu kaja kofunsa ngati mphunzitsi amamveka, ngati chipinda chinali bwino, anthu nkuchonga mothamanga poti akufuna azipita, kenako lipoti nkunena kuti anthu akuti aphunzitsidwa, onse akhutira, masetifiketi aperekedwa, basi nkhani yathera pomwepo. Chonsecho Donald Kirkpatrick wa ku America anafotokoza kalekale mu 1959 kuti kuyeza maphunziro kuli ndi masitepe anayi. Loyamba nloti kodi ophunzira asangalala nawo, lachiwiri kodi atolapodi kanthu, lachitatu kodi kachitidwe kawo pa ntchito kasintha, lachinayi kodi kampani yapindula. Ambirife timaima pa sitepe yoyamba yomweyo, pomwe ndalama zija zinatuluka chifukwa cha lachitatu ndi lachinayi.

Sindidzaiwala zomwe zinachitika pa kampani ina yomwe ndinkagwirako. Tinatumiza supavayiza wina ku kosi ya utsogoleri ya sabata yathunthu, anakhoza bwino kwambiri, setifiketi anaipachika pakhoma pamwamba pa tebulo lake. Patangotha miyezi itatu mtsikana wina wa mu dipatimenti yake, amene aliyense ankadziwa kuti ndi amene wagwirizitsa ntchito mmenemo, anabwera mu ofesi mwanga ndi envulopu yopindapinda mmanja, anakhala kaye phee osayankhula, kenako anati "bwana, ntchitoyi ndimaikonda koma kukalipiridwa pagulu tsiku ndi tsiku ndatopa nako." Anapita ndithu. Tinalengeza ntchito, tinachititsa ma intavyu, tinaphunzitsa munthu watsopano, miyezi ingapo ntchito ikuyenda mokoka, koma ndalama zonsezo palibe anaziphatikiza ndi kosi ija, mu lipoti la pachaka kosiyo inalembedwa kuti inayenda bwino. Mpaka pano zimandiwawa kuti panalibe amene anapita kukafunsa anthu a pansi pake ngati bwana wawo wasintha, ndipo tikanafunsa msanga tikanamuthandiza iyeyo komanso mtsikanayo akanakhalapo.

Nchifukwa chake ndimati kuyeza kuziyamba munthu asanapite ku kosi. Lembani kaye kuti mu dipatimenti yake anthu angati asiya ntchito chaka chathachi, angati amajomba pafupipafupi, madandaulo a makasitomala ndi angati, katundu wowonongeka ndi wochuluka bwanji, ndipo funsani anthu ake mwachinsinsi mmene amawatsogolera. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi bwererani mukafunsenso zomwezo. Katswiri wina wa ku America, Jack Phillips, anawonjezera pa masitepe a Kirkpatrick aja sitepe yachisanu yomwe amati ROI, yoyeza phindu lomwe labwera pa ndalama zomwe mwalowetsa, masamu ake ndi osavuta, mumatenga phindu lomwe lapezeka nkuchotsapo zonse zomwe mwawononga, kuphatikizapo malipiro a masiku omwe munthuyo sanali pa ntchito, yankholo nkuligawa ndi zowonongazo nkuchulukitsa ndi 100. Koma apa mpofunika chilungamo, malonda atha kukwera chifukwa msika wayenda bwino osati chifukwa cha kosi, nde ndi bwino kuyerekeza dipatimenti yomwe bwana wake waphunzitsidwa ndi ina yomwe bwana wake sanapitebe, apo ndi pomwe mumaona chenicheni.

A Google anachitapo zoterezi mu kafukufuku wawo wa Project Oxygen yemwe anayamba mu 2008, anasanthula zomwe antchito amanena za mabwana awo nkupeza makhalidwe asanu ndi atatu a manenjala wabwino, ndipo lomwe linali pamwamba ndi kudziwa kuwongolera ndi kuphunzitsa anthu ako, ukatswiri wa makompyuta unali kumapeto. Chomwe chimandisangalatsa nchoti sanalekere pomwepo, anayamba kumafunsa antchito pafupipafupi za mabwana awo potengera makhalidwe omwewo kuti aone ngati akusintha. Kampani yaing'ono nayo itha kutero ndi Excel kapena kope wamba.

Komanso tisamale, kuyeza kolakwika kumapha. Jack Welch ali mkulu wa kampani ya ku America ya General Electric ankagawa antchito m'magulu, 20 pa 100 alionse apamwamba, 70 apakati, 10 apansi omwe ankayenera kuchoka, makampani ambiri anatengera, koma Microsoft inasiya njira yofanana ndi imeneyi mu 2013 chifukwa anthu akamapikisana okhaokha amasiya kuthandizana. Ine pa nkhani yosunga anthu aluso ndimaona kuti mafunso abwino ndi ena, monga kuti pa maudindo akuluakulu omwe anatseguka chaka chino ndi angati tinakweza munthu wathu wa mkati, ndipo manenjala uyu atadwala mawa alipo amene angagwire mpando wake osasokoneza kanthu.

Panopa bwana aliyense akabwera kwa ine kuti akufuna kutumiza munthu ku kosi ya utsogoleri ndimamupatsa pepala alembe zinthu zitatu zomwe akufuna zisinthe mu dipatimentiyo, ndi tsiku lomwe tidzakhalenso pansi kuti tione. Ena amakwiya amati ndikuwachedwetsa, koma pepalalo likapanda kubwera ine sindisayina.

Wowerenga wanu,
Wogwira ntchito ku ofesi yoona za antchito