Foni ya wopulumutsa anthu isamaime pamzere

Akonzi,

Ndiloleni nditulutse nkhani imene yandikhala pamtima kuchokera mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ndinali m'gulu la anthu amene tinathamangirako ndi makasu ndi mafosholo. Pambali panga panali wapolisi wachinyamata, matope lekeza m'maondo, akuitanitsa galimoto yoti inyamule mayi amene tinamufukula akupumabe. Ankaimba pa foni yake ya m'thumba, ndi mayunitsi ogula yekha. Koyamba sinalowe. Kachiwiri, kachitatu, zii. Aliyense mumzinda ankaimbira abale ake nthawi yomweyo, ndipo foni ya wapolisi uja inaima pamzere umodzi ndi yanga. Mayiwo tinawanyamulira pachitseko.

Vuto lotere linawagwerapo anzathu a ku America. Pa 11 Seputembala 2001, zigawenga zitaomba nyumba ziwiri za World Trade Center ku New York, imodzi itagwa kale, apolisi amene anali mu helikoputa anachenjeza kuti nyumba yotsalayo igwa. Ozimitsa moto ambiri amene anali mkatimo sanamve, chifukwa mawailesi awo sankalumikizana ndi a apolisi. Tsiku limenelo anafa ozimitsa moto 343. Zinawatengera zaka zambiri, koma mu 2012 nyumba yawo ya malamulo inakhazikitsa FirstNet, netiweki ya intaneti yothamanga ya apolisi, ozimitsa moto ndi a maambulansi. Mu 2017 anapatsa kampani ya AT&T ntchito yoiyendetsa kwa zaka 25.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene imagwirira ntchito. Wopulumutsa anthu amakhala ndi simu kadi yodziwika. Netiweki ikadzaza, iye amadutsa patsogolo, ndipo zikavuta kwambiri ena amayamba apatutsidwa kuti iye alowe. Amatha kutumiza chithunzi cha mlatho woduka, mapu a pamene ali, ngakhale vidiyo ya wovulala kuti dokotala ayambe kukonzeka. Nsanja ya mafoni ikagwa, amabwera ndi galimoto yokhala ndi nsanja yakeyake yolumikizana ndi setilaiti.

Wina anena kuti amenewo ndi olemera, ife tilibe ndalama. N'zoona, ndipo sindikupempha kuti timange chinthu chachikulu chotero. A ku Britain anayamba pulogalamu yawo ya Emergency Services Network mu 2015, akuyembekeza kuzimitsa mawailesi akale a Airwave pofika 2019, koma chakacho chinadutsa ntchito isanathe ndipo ndalama zinangokwererakwerera. Ife tiyambire pa zimene tili nazo kale. Nsanja za TNM ndi Airtel zaima kale m'mapiri mwathu. Bungwe la MACRA, limene limapereka ziphaso kwa makampaniwa, likhale pansi ndi a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), apolisi, asilikali ndi a zaumoyo, agwirizane kuti manambala a opulumutsa anthu azidutsa patsogolo pa nthawi ya ngozi, ndipo bandulo yake isamachoke m'thumba mwa wantchito.

Nkhani ya magetsi nayo isasiyidwe. Tikukumbuka kuti namondwe wa Ana ataononga ku Kapichira mu Januwale 2022, mdima unakuta dziko. Nsanja yopanda magetsi ndi chitsulo chabe. Za m'maboma amene madzi amasefukira kawirikawiri, monga Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje, zikhale ndi sola ndi mabatire otha kupirira masiku angapo, poti msewu ukaduka palibe amene angakafikitse mafuta a jenereta. Thumba la Universal Service Fund, lothandiza kufikitsa mafoni ndi intaneti kumadera ovuta kufikako, lingathe kuthandizapo.

Ndikupempha aphungu athu afunse za nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo mvula isanayambe, ndipo inu atolankhani mutibweretsere yankho lake.

Wokhudzidwa,
Blantyre