Masatifiketi a pa intaneti: musangounjika, onani chomwe chikusoweka

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Rosettenville kuno ku Joni, komwe ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ya malole. Chandilembetsa ndi funso lomwe achinyamata akumudzi amanditumizira pa WhatsApp lokhudza financial engineering, maphunziro ogwiritsa ntchito masamu ndi makompyuta pa nkhani za misika ya ndalama: "Achimwene, ndikufuna masters ya financial engineering, ndiyambe kosi iti pa intaneti?" Ndiloleni ndiyankhe kamodzi kudzera m'nyuzipepala yanu, poti inenso ndinapsapo.

Mu 2022 ndinafunsira malo a masters imeneyi pa yunivesite ina ya kuno. Ndinali ndi digiri ya zachuma komanso masatifiketi 7 a pa intaneti: Excel, utsogoleri, chiyambi cha Python, ndi zina zotero. Ndinawasindikiza onse n'kuwaika mu fayilo ya pulasitiki, ndikudzimva. Yankho londikana linabwera la mizere itatu. Nditachita khama kufunsa, mayi wina wa mu ofesi yolembetsa ophunzira anandiuza mosapita m'mbali kuti papepala la magiredi anga masamu anali operewera: panalibe linear algebra, probability inali yongolawa, ndipo calculus inathera chaka choyamba. Za masatifiketi aja sanatchuleko n'komwe.

Sanalakwitse mayiwo. Dzina loti "financial" limatinamiza ife a zachuma, timayesa ndi kwathu. Koma maphunzirowa ndi masamu. Njira ya Black ndi Scholes ya mu 1973 yopezera mtengo wa ma option (mapangano opatsa munthu ufulu wodzagula kapena kudzagulitsa chinthu pa mtengo wogwirizana kale) yagona pa masamu ozama a partial differential equation, ndipo stochastic calculus siyembekezera munthu amene akuvutikabe ndi ma matrix. Amene amasankha ophunzira amafuna umboni woti simudzamira m'miyezi itatu yoyamba, basi.

Ndiye ndinayambiranso. Linear algebra ndinaiphunzira pa mavidiyo a Gilbert Strang a kosi ya 18.06 pa MIT OpenCourseWare, aulere. Unali 2023, magetsi akuzima tsiku ndi tsiku. Ndinkatsitsa mavidiyo nthawi ya nkhomaliro pa wifi ya kuntchito, usiku n'kumawerenga pa tebulo la kukhitchini, foni itatsamira botolo la mafuta ophikira, kandulo pambali. Bambo Strang amaphunzitsa mokoma, koma dziwani kuti kumeneko simutenga pepala lililonse. Mutu umadzaza, umboni ulibe.

Apa ndi pomwe ambiri amasochera. Satifiketi yomwe mumapeza pongoonera mavidiyo n'kubwereza mafunso mpaka mutakhoza siyifanana ndi kosi yokhala ndi mayeso a nthawi yoikika ndi giredi. Ine ndinalipira kosi ya probability ya MITx (makosi a pa intaneti a yunivesite ya MIT ya ku America) pa tsamba la maphunziro la edX chifukwa cha giredilo. Baruch College ya ku New York ili ndi makosi okonzekeretsa anthu ofuna digiri imeneyi, a calculus, probability ndi linear algebra, komanso ina ya C++, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, yomwe imaphunzitsidwa kudzera pa tsamba la QuantNet. Ndi abwino, koma amalipiritsa m'madola. Kwa amene akulandira makwacha, chigwereni ndalama yathu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, imeneyi si nkhani yamasewera. Nchifukwa chake ndimati musanatulutse ngakhale tambala, lemberani sukulu yomwe mukuifuna, kaya ndi yunivesite ya Wits, ya Pretoria kapena ya Cape Town (UCT), muitumizire magiredi anu, mufunse ngati kosi yakutiyakuti angaiwerengere. Imelo ndi yaulere. Ine ndikanatero poyamba pomwe, bwenzi nditapulumutsa chaka chathunthu.

Kosi ya Columbia University ya Financial Engineering and Risk Management pa Coursera ndi yabwino polawa ngati ntchitoyi mungaikonde. WorldQuant University nayo imaphunzitsa masters yonse pa intaneti popanda fizi, ngakhale kumenekonso masamu sakunyengererani.

Chinanso, ofuna kuphunzira kuno ku South Africa asaiwale kuti digiri yakwathu imayenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe la kuno loona za mapepala a maphunziro. Yambani msanga, musadikire mwezi wotsekera.

Ndinafunsiranso malo ndi mapepala awiri okha owonjezera, la probability ndi la C++, pamodzi ndi kalata yofotokoza zomwe zinkasoweka ndi momwe ndinazikwaniritsira. Ananditenga. Fayilo ya pulasitiki ija pano mwana wanga amasungiramo zojambula zake za ku kiresi.

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg