Pempho la thandizo: galimoto yathu yonyamula odwala yapinda konirodi

Abale ndi alongo, makamaka inu ana a kuno amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, landirani moni kuchokera ku komiti ya chitukuko ya midzi yathu kuno kwa Mkanda, m'boma la Mchinji. Tabwera ndi dandaulo. Galimoto imene timanyamulira odwala ndi amayi oyembekezera yaima. Ili pansi pa mtengo wa mango kwa a gulupu, taifunditsa tenti.

Ambiri mukuidziwa, Toyota Hilux yakale ija ya injini ya 3L, ya dizilo, masilinda anayi, yopanda turbo. Tsiku limene inavulala mvula inachezera usiku wonse, ndipo m'bandakucha nthawi ya mayi wina inakwana. Adalaivala athu anayesa kuoloka kamtsinje kothira mu Rusa kamene amaoloka masiku onse, koma madzi anali atakwera. Madziwo analowa pa eyakilina, chosefera mpweya wolowa mu injini, injiniyo n'kuzima pakati pa mtsinje. Mayi uja tinamupitiriza pa njinga yamoto mpaka kuchipatala cha ku Kapiri, ndipo anachira bwino. Adalaivalawo sitikuwaimba mlandu. Aliyense wa ife akanamva kubuula kumene kunali kumbuyo kuja, akanaoloka.

Titaikokera kumtunda n'kuchotsa madzi, inalira ndithu, koma ikugogoda, ikunjenjemera, utsi woyera uli tolotolo. Amakaniko atatsegula anatiitana tonse a komiti kuti tidzionere tokha. Anazungulitsa injini ndi sipanala. Mapisitoni atatu ankafika pamwamba bwinobwino, koma imodzi inkaperewera pang'ono. Atasolola konirodi yake n'kuigoneka pambali pa inzake, ngakhale ife osadziwa za injini tinaona kuti yakhota.

Konirodi ndi chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft (chitsulo chachikulu chozungulira cha m'munsi mwa injini), ndicho mkono umene umasandutsa kukankha kwa pisitoni kukhala kuzungulira. Injini ya 3L imapanikiza mpweya pafupifupi ka 22 kuti dizilo ayake, choncho kampata kotsala pamwamba pa pisitoni n'kakang'ono zedi. Mpweya umalola kupanikizidwa, madzi salola. Pisitoni itakumana ndi madzi inasowa kolowera, ndipo mphamvu yonse inathera pa konirodi.

Pamsonkhano tinakangana, tisabise. Ena anati tingoiwongola pamoto, ena anati tigule imodzi ya kaunjika ku Biwi, tivale zilimbe. Amakaniko anakana zonse ziwiri, ndipo ifenso tagwirizana nawo. Chitsulo chimene chapindika n'kuwongoledwa chimakhala chatopa kale, ndipo tsiku lodzathyoka chimaboola buloko ya injini, apo ndiye kugula injini yonse. Ya kaunjikayo sitidziwa kumene yachokera, mwina nayonso inamwapo madzi. Komanso makonirodi onse anayi amayenera kulemera mofanana, ndipo iliyonse ili ndi kapu yakeyake (kachitsulo kotsekera kumunsi kwake) yosasinthanitsa ndi ya inzake. Galimoto iyi imayenda usiku, m'misewu yafumbi, itanyamula munthu amene sangadikire. Sitikufuna kuyika moyo wake pa chitsulo chokayikitsa.

Mwana wina wa kuno anatiuza za makonirodi olimba kwambiri amene amayika m'magalimoto a mpikisano. Tinathokoza, koma amenewo ndi a injini zoonjezeredwa mphamvu kapena zothamangitsidwa kwambiri. Yathuyi ilibe turbo ndipo sitikufuna kuiwonjezera kanthu. Enieni a injini ya 3L akwanira.

Ndiye chimene tikupempha ndi ichi. Tikufuna makonirodi anayi abwino ofanana, mabawuti ake atsopano chifukwa akale sitingawadalirenso, ma bearing, ma ring a mapisitoni, gasiketi ya hedi, oilo ndi mafyuluta. Crankshaft nayo iyenera kukapimidwa ku Lilongwe isanabwezeredwe. Ngati ndalama ingalole, tikufunanso kuika snorkel, paipi ija yokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo, kuti injini izikokera mpweya pamwamba, zimene zatigwerazi zisadzabwerenso.

Ife kuno sitinangopinda manja. Banja lililonse lasonkha chitini cha chimanga kapena mtedza, mipingo yonse yachita chopereka chapadera, ndipo amakaniko avomera kuti ntchito ya manja awo tidzawalipire tikakolola. Koma zida zimenezi n'zochokera kunja, mitengo yake ikungokwera, ndipo zimene tasonkha sizinafike n'komwe pa theka.

Amene mungathe, tumizani kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Nambala ya msungichuma mufunse kwa abale anu kuno kapena kwa a gulupu. Dzina ndi ndalama iliyonse tikulemba m'kaundula, ndipo tidzawerenga poyera pamodzi ndi malisiti. Inu amene mumagwira ntchito m'magalaja kapena m'masitolo a zida za galimoto, ku Lilongwe kaya ku Chipata, mukatipezera chida chenichenicho m'malo mwa ndalama tidzalandira ndi manja awiri. Mutifunse kaye, amakaniko akuuzeni saizi ya ma bearing akapima crankshaft.

Pakali pano odwala tikuwanyamula pa ngolo ndi pa njinga, ndipo amayi amene masiku ayandikira tikuwatumiza msanga kuchidikiro.

Ndife anu,
Komiti ya chitukuko, pamodzi ndi mafumu athu.