Nseru ya paulendo ndi nzeru za asing'anga a ku China

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za anthu amene amamva chizungulire ndi kusanza akakwera galimoto kapena sitima ya panyanja. Mwana wanga wamkazi amavutika chotere tikamatsika Khwekhwerere pa minibasi, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti apaulendo ena amamukalipira ngati akuchitira dala.

Asing'anga a ku China anazindikira kalekale kuti awa ndi matenda enieni, moti buku limene sing'anga wina dzina lake Chao Yuanfang analemba m'chaka cha 610 limatchula kale za kudwala chifukwa chokwera ngolo kapena ngalawa. Pa chiphunzitso chawo, mphamvu ya m'thupi imene amaitcha qi iyenera kuyenda chotsika ikakhala m'mimba, koma kugwedezeka kwa paulendo kumaibweza kuti ikwere, ndipo ndi pamene munthu amasanza. Amati amavutika kwambiri ndi munthu wa m'mimba mofooka, modzaza chinyezi ndi makhololo, n'chifukwa chake amaletsa zakudya zamafuta ulendo usanayambe. Madokotala amakono amati ubongo ndiwo umasokonezeka, chifukwa mkati mwa khutu mukumva kuti thupi likuyenda pamene maso akuona mpando umene sukusuntha. Ine ndimakhutira ndi kufotokoza kwachiwiriku, komabe sindingapeputse thandizo limene Matchaina anapeza.

Jinja wamuwisi, amene iwo amamutcha sheng jiang, ndiye mankhwala awo akale a nseru, ndipo ife tili naye m'misika yathu. Mu 1988 ofufuza a ku Denmark anamuyesa pa achinyamata 80 ophunzira usilikali wa panyanja, ndipo amene anamwa galamu imodzi ya ufa wake sanasanze kwambiri ngati anzawo. Palinso malo otchedwa Neiguan, mkati mwa mkono, pakati pa mitsempha iwiri yolimba, zala zitatu kuchokera pa mzere wa m'munsi mwa chikhatho. Munthu amadinikiza pamenepo ndi chala chachikulu kwa mphindi zingapo. Ofufuza sagwirizana onse ngati njirayi imathandizadi apaulendo, koma siilira ndalama, ndipo mwana wanga amakhazikika mtima ndikamugwira dzanja motero uku akuyang'ana kutsogolo.

Ndichenjeze makolo anzanga za muzu wotchedwa ban xia, umene asing'angawo amauphatikiza ndi jinja pothetsa kusanza. Ukakhala wosakonzedwa bwino uli ndi poizoni, choncho pasapezeke wogulira mwana mankhwala otere pa intaneti asanafunse dokotala.

Kholo lokhudzidwa,
Dedza