Kalata ya Abusa: Malipiro Otha Asanafike M'manja

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere wa Khristu ukhale nanu nonse.

Mwezi wathawu bambo wina wa mpingo uno anandipeza kunyumba madzulo. Tinacheza za mvula, za ana, mpaka mdima unagwa, ndiye anati: "Abusa, khadi langa la kubanki lili ndi wakatapila." Malipiro akangolowa, woyamba kutapa ndi wakatapilayo. Zotsalazo sizifika pa tsiku la 10 la mwezi, ndipo bamboyu amabwereranso kwa munthu yemweyo kukakongola. Chaka chatha osagwirako malipiro athunthu m'manja mwake. Wandilola kunena izi popanda dzina, ndipo ndikudziwa kuti sali yekha pakati pathu.

Sindikulemba modzudzula. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo, mafuta ophikira ndi thiransipoti zinakwera, malipiro a ambiri n'kutsala pomwe anali. Mumagwira ntchito molimbika, ndimakuonani. Komabe Miyambo 22:7 imandisowetsa tulo, pamene imati wokongola amasanduka kapolo wa womukongoza. Khristu sanatiombole kuti tikhalenso akapolo a chiwongoladzanja.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo pa matenda ndi maliro n'zoona. Koma fizi ya Seputembala imaimba ng'oma. Feteleza amaimba ng'oma. Tonse tikudziwa kuti thumba la chimanga limatsika mtengo mu Meyi anthu akakolola, n'kudzakwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Nanga bwanji chaka ndi chaka zimatipeza ngati alendo? Yosefe ku Ejipito sanayambe kusunga njala itafika. Anapatula gawo limodzi mwa magawo asanu m'zaka za zokolola zambiri. Ifeyo nyengo yathu ya zochuluka ndi yaifupi, mwina masiku awiri okha malipiro akalandiridwa. Tsiku limenelo, musanapite kumsika, patulani kangachepe, ngakhale K5,000, mukaike kumene dzanja silifika msanga: ku banki m'khonde, ku SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama), kapena m'chipereganyu cha anthu okhulupirika. Za pafoni zimatha mosazindikira, makamaka kwa achinyamata athu amene alowerera kubetcha mpira.

Amuna, uzani akazi anu ndalama zimene mumalandira, ndi ngongole zomwe muli nazo. Amayi, chimodzimodzi. Ngongole yobisa ndiyo imakula msanga.

Nafenso atsogoleri tili ndi mlandu. Talengeza Pepa Sande motsatizana, yunifolomu yatsopano, zopereka za chitukuko, osafunsa kuti ndalamazo mukuzitenga kuti. Ndamva kuti ena anakakongola kuti asachite manyazi dzina lawo likaitanidwa kutsogolo. Zimenezi zandipweteka mtima, ndipo ndikupepesa. Mulungu safuna chopereka chochokera kwa katapila. Tagwirizana ndi akulu a mpingo kuti tisiye kuwerenga maina ndi ndalama za munthu aliyense pagulu.

Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, tidzakumana m'tchalitchi. Bwerani ndi kope ndi cholembera, banja lililonse lidzalembe lokha ngongole zake ndi kuona yoyamba kuithetsa. Amene khadi lanu lili m'manja mwa wina, ndipezeni panokha lisanafike tsikulo; zimene tidzakambirane zidzathera pomwepo.

Ndimakupemphererani.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.