Kauboyi wa m'nkhani yachikondi ayambe wadziwa ng'ombe

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi achinyamata a kuno ku Chipata amene akulemba nkhani zopeka n'kumagawana pa WhatsApp ndi Facebook. Ena mwa iwo atengeka ndi kauboyi wa ku America amene akukondana ndi mwamuna mnzake. Tikudziwa kuti nkhani ya amuna okondana okhaokha imagawanitsa anthu, ndiponso kuti malamulo a Zambia salola mchitidwewu. Ife tikunena za kalembedwe. Wolemba akasankha munthu wotere, amulembe ngati munthu wamoyo, osati chipewa ndi mfuti zongoyenda zokha.

Vuto loyamba n'loti kauboyi wa m'nkhanizi sagwira ntchito. Amangokwera hatchi n'kumayang'ana dzuwa likulowa. Chonsecho kauboyi ndi mbusa wa ng'ombe wolembedwa ganyu. Kuyambira cha m'ma 1866 mpaka m'ma 1880, anthuwa ankakusa ng'ombe kuchokera ku Texas kukazikweza sitima ku Kansas, m'matauni ngati Abilene. Ng'ombe pafupifupi 3,000 zinkayendetsedwa ndi amuna 10 kapena 12, makilomita 15 mpaka 25 patsiku, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Malipiro ankakhala madola 25 mpaka 40 pamwezi. Ng'ombe sizinali zake, malo sanali ake, ndipo nthawi zambiri ngakhale mahatchi anali a bwana. Chake chenicheni chinali chishalo. Ambiri ndithu anali anthu akuda ndi a ku Mexico, ndiye palibe chokukakamizani kumupanga mzungu.

Khalidwe lake lonse litulukire pamenepa. Munthu amene chuma chake ndi chishalo ndi mbiri yabwino amaopa mphekesera kuposa mkuntho. Ntchito inkapezeka wina akakuikira kumbuyo, ndipo kunong'onezana pang'ono kukanamutsekera zitseko m'dera lonse. Onjezerani kumenyedwa ndi ndende, pakuti ku Texas lamulo loletsa amuna kugonana okhaokha linalipo mpaka pamene khoti lalikulu la America linalithetsa mu 2003. Ndiye akamakhala duu, chete wakeyo ali ndi chifukwa. Olemba ambiri amangoti "anali munthu wosalankhulalankhula", osationetsa chimene angataye akatsegula pakamwa. Mupatseninso chofuna china chimene sichikhudza chikondi, monga kamalo kake ndi ng'ombe 20 zokhala ndi chizindikiro chake, kapena mayi okalamba amene amawatumizira theka la malipiro. Nkhani imayamba kukoma pamene chikondi chikulimbana ndi chofuna chimenechi.

Nanga anthu awiri angakondane bwanji pakati pa amuna 12 ogona pabwalo pamodzi? Yankho lili m'ntchito momwemo. Usiku ng'ombe zikagona, ankazilondera awiriawiri, kwa maola pafupifupi awiri. Mmodzi ankazungulira cha kumanja, wina cha kumanzere, akuimba chapansipansi kuti ng'ombe zisadzidzimuke n'kubalalika. Pa kuzungulira kulikonse ankakumana kawiri. Taganizirani zimenezo: mdima, fungo la ndowe, ng'ombe zikubzikula, mahatchi akupambana pang'onopang'ono, mawu atatu kapena anayi, kenako aliyense n'kupitirira. Kukumana kumeneko kukhoza kunyamula mutu wathunthu. Masana, malo oipitsitsa anali kumbuyo kwa gulu, kumene fumbi limadzaza m'maso ndi m'mano, ndipo nthawi zambiri ankaikako achilendo. Kauboyi wodziwa ntchito akapempha yekha kupita kumbuyoko kumene kuli mnzakeyo, wowerenga amva zonse popanda kuuzidwa. Amusokere mnzakeyo lamba wa chishalo amene waduka. Amusiye agone, iye alondere kawiri. Munthu wotere chikondi chake chimaonekera m'manja.

N'chifukwa chake zokamba zitalizitali zimapha nkhani. Kauboyi akayamba kulongosola za mumtima mwake tsamba lathunthu, wasanduka wolemba mwiniwake. Werengani mokweza zimene akunena, ndipo paliponse pamene wapitirira ziganizo ziwiri, dulani. Musapangenso amuna awiriwo kukhala ofanana ngati mapasa. Wina akhale wofuna kuti athawire limodzi kutali, wina wokhulupirira kuti kupirira ndiye umuna. Onse akhale ndi mfundo zomveka, ndipo wanuyo akhale ndi chilema chake: kuuma mtima, nsanje, kapena mantha amene amamuchititsa kukana mnzake pagulu.

Ngati ali ndi mkazi, chonde musamusandutse mfiti kuti timvere chisoni mwamunayo. Mayiyo wanamizidwa, ndipo ululu wake ndi weniweni. Kauboyi amene akudziwa kuti akumulakwira, n'kumasowa tulo, ndi munthu wogwira mtima m'nkhani kuposa wosalakwa. Imfa kumapeto isakhalenso njira yothawira wolemba akasowa pomalizira.

Mwayi wathu kuno kummawa ndi woti ng'ombe tili nazo. Mahatchi ndi osowa, koma ng'ombe za Angoni zili m'makola ku Mtenguleni, ku Katete ndi ku Chadiza. Lawirirani kukhola m'mamawa, mukaone mbusa akutsegula. Amadziwa iliyonse ndi dzina, amaona yotsimphina pakati pa zinzake 40, amasisita kukhutu kufuna nkhupakupa, amadziwa yomwe imatsogolera kudambo ndi yomwe imatsalira dala. Diso limenelo mupatseni kauboyi wanu. Munthu wozindikira ng'ombe yodwala isanagwe sangalephere kuona kuti mnzake lero sanamalize chakudya.

Kungoti musasakanize malo. Pa ulendo wa ku Kansas kunalibe khola usiku, kunalibe nsima. Ankadya nyemba, nyama, buledi ndi khofi wowawa, zophikidwa ndi wophika amene ankayenda ndi ngolo yake. Ng'ombe zake zinali za nyanga zazitali za ku Texas. Mukaika nkhani yanu chisanafike chaka cha 1874, musaikemo mipanda ya waya waminga ponseponse, pakuti waya umenewu unafala pambuyo pake, ndipo ndi umodzi mwa zinthu zimene zinathetsa maulendo aataliwo. Kauboyi wa m'ma 1880 akuona ntchito yake ikutha, ndipo nkhawa imeneyo ilowe m'zosankha zake.

Aphunzitsi a kalembedwe ka nkhani zopeka,
Chipata